Ndinamuloza ndi Mlomo

Maloto a lero andichotsa ulemu. Dzulo ine ndi mkazi wanga tinaonera filimu ya Myuda woimba vayolini, amene anapulumuka pobisala pamene asilikali ankapha Ayuda pankhondo. Ndinadziguguda pachifuwa: "Ine ndikanamubisa ameneyu, amake Chisomo."

Ndiye ndinalota munthuyo ali m'nkhokwe yathu, chimanga chitamukwirira mpaka m'khosi. Ankaimba, koma m'vayolinimo munkatuluka anankafumbwe okhaokha, akundiyenda m'mikono. Kenaka asilikali anafika ndi zinsapato zawo, akuodira mwaulemu ngati akulu ampingo. Ndinawapatsa mipando.

"Bambo, mlendo uja ali kuti?" anafunsa mmodzi.

Manja ndinawapinda kumbuyo kuti asaloze. Koma mlomo wanga unasongoka wokha n'kuloza kunkhokwe, monga ndimalozera pamene pali khasu. Akumutulutsa, Myudayo anandiombera m'manja: "Zikomo, achimwene."

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Kaya ndi maloto chabe, kaya ndi mmene ndililidi, sindikudziwa.

Pondipatsa tiyi, mkazi wanga anafunsa, "Bwanji mwangogwira pakamwa chidzukireni?"

Ndinati ndi dzino.