Makina Ometera Akazima

Chibwibwi ndi mlendo wopanda ulemu. Chimafika pomwe anthu atchera khutu, n'kukhala pa lilime ngati pakwawo. Mwana wamkazi wa wometa wina ankachidziwa bwino, n'chifukwa chake Loweruka limenelo, atalowa m'chipinda cha kuseri kwa laibulale, anasankha mpando wapafupi ndi khomo. Anali atapangana ndi mtima wake kuti akangomva zoti aliyense aimirire n'kuwerenga zimene walemba, iye atuluka ngati akupita kuchimbudzi, ndipo sadzapondakonso.

Komatu kulembako ankakukonda, mtsikanayo, poti papepala mawu sakakamira. Kalasi yophunzira kulemba nkhaniyi anaiyembekezera chiyambire tchuthi. Anyamata ndi atsikana amene anadzaza mipando yapulasitikiyo anali ochokera m'masukulu osiyanasiyana, ndipo panalibe womudziwa. Ankafuna zikhale choncho.

Aphunzitsi analowa atanyamula ndowa. Ndowa yeniyeni, yabuluu, yokolopera. Anali mayi wamfupi, magalasi akulendewera pachifuwa. Anaika ndowayo patebulo, pansi pa fani yomwe inkazungulira kudenga ikulira kwetche kwetche.

"Mayina tiuzana sabata yamawa," anatero. "Lero lembani za munthu mmodzi wa kwanu ndi chinthu chimene amachita ndi manja ake. Dzina lanu musalembepo. Mukatha, pindani pepalalo, ponyani m'ndowamu. Owerenga akhala okhawo amene pakamwa pakuwayabwa, ndipo aziwerenga za anzawo. Ine sindikakamiza munthu."

"Koma ndowayo mwatsuka, madamu?" anafunsa mnyamata wina wamtali, yemwe chilowereni anali asanatsekeko pakamwa, moti anzake anali atam'patsa kale dzina loti Wailesi.

"Ndi yoyera kuposa kolala ya malaya akowo, mwanawe."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mtsikana uja mtima unakhala pansi, ndipo cholembera chinayamba kuthamanga chokha.

Analemba za bambo ake. Analemba za shopu yawo yopapatiza, galasi long'aluka pakona, tsitsi lomwe limathawa tsache n'kukabisala pansi pa benchi. Bambowo ndi olongolola, amadziwa za mpira, za mvula ndi za maukwati a anthu onse. Koma mwana wawo akangolowa n'kuyamba kulankhula, amazimitsa makina ometera, ngakhale mutu wa kasitomala utatsala ngati munda wolima theka. Amatembenuka n'kunena kuti, "Ndikumva, mayi wanga. Palibe basi ikutisiya." Kenako amadikira. Anthu ena onse, ngakhale amayi ake omubereka, amamumalizira mawu poganiza kuti akum'thandiza. Bambo okha sanayambe ateropo.

Anapinda pepalalo, naliponya m'ndowa.

Nkhani zinayamba kutuluka: agogo osoka nsapato, achemwali oluka tsitsi, amalume omwe ntchito ya manja awo inali kuloza ena chochita. Wailesi anawerenga ziwiri, nakwezanso mkono. Atapisa dzanja m'ndowa n'kutambasula pepala, mtsikanayo anazindikira kapindidwe kake.

Eti mawu ake! Anatuluka m'kamwa mwa Wailesi akuyenda myaa, opanda kupunthwa ngakhale pamodzi. Pa tsitsi lothawa tsache anthu anaseka. Pa munda wolima theka anasekanso, wina mpaka kumenya tebulo. Mtsikanayo anakondwa kwambiri moti anawerama kuti kumwetulira kusamugulitse. Chibadwire anali asanaseketsepo gulu la anthu mwa kufuna kwake.

Koma Wailesi, atamva kukoma kwa kuseketsa anthu, anawonjezera mchere. Atafika pa mawu a bambo aja anatong'ola maso, nakulitsa mawu ngati msilikali, chala chikugogoda pa wotchi yomwe analibe: "Ndikumva, mayi wanga! Palibe basi ikutisiya!"

Anthu anasekanso. Mtsikanayo anamva kutentha m'makutu. Bambo ake amenewo? Bambo ake asanduke munthu wolusa pamaso pa alendo, iye ali pompo?

"Ayi!"

Mawuwo anatuluka asanawapatse chilolezo. Mitu yonse inatembenukira kukhomo.

"Sa-sa-sa..." Mlendo uja anali atafika. Lilime linauma gwa. Khomo linali pomwepo, lotsegula. Mtsikana wina wachifundo anayamba kum'thandiza, "Akuti sa..."

Aphunzitsi anakweza dzanja kumuletsa. Kenako anayenda mosafulumira mpaka pakhoma, nazimitsa fani. Kwetche kwetche uja anachepa, nachepa, mpaka zii. Anakhala pamphepete pa tebulo, napinda manja.

Ndiye anadikira. Kalasi yonse inadikira, ndi Wailesi yemwe.

"Sa-salankhula cho-choncho," anamaliza mtsikanayo, thukuta lili kamukamu. "A-amanena mo-motsitsa. Ngati a-akunyengerera mwana kuti a-agone."

"Wamva, iwe wowerenga?" anatero aphunzitsi. "Mwini nkhani wadandaula. Bwereza."

Wailesi anakanda m'mutu, manyazi atamugwira pang'ono. Anatsitsa mawu, nawerenganso mzerewo mofatsa, mpaka m'chipindamo munamveka ngati mwalowa munthu wina wachikulire wonunkhira sopo wometera.

"Chonchi, achemwali?"

"E-eya. Cho-choncho."

"Mwaona zimenezo?" anatero aphunzitsi. "Wolemba amatha kupirira zambiri, koma osati kum'namizira munthu wake. Tolani pepala lina, ana inu, kunja kukutentha." Ndipo anayatsanso fani.

Masana, mtsikanayo anadzera kushopu. Anapeza bambo ake ali pakati pa mutu wa dalaivala wina wonenepa, akum'fotokozera chifukwa chake timu yake sidzapambana mpaka kalekale. Ataona mwana wawoyo m'galasi, chala chawo chinapita chokha pa batani lozimitsira makina.

"Zayenda bwanji, mayi wanga? Udzapitanso?"

"Ndi-ndidzapita, ababa. Ndi-ndikhale kaye, nkhani yake ndi ya-yaitali."

Dalaivala uja anadziyang'ana m'galasi, mbali ina mbee, ina tsitsi lili bii. Anapumira m'mwamba, nakhazikika bwino pampando, poti malamulo a m'shopumo ankawadziwa.