Mkuyu wa pa Chipata cha Mikango

"Phulusa la ababa silinazizire n'komwe, inu mwaitana kale wosula zitsulo. Manyazi mulibe, achimwene?"

Jhilik anali ataima pakati pa chipata, pansi pa mikango iwiri yamiyala imene makolo awo anaimika kuti alimi azinjenjemera. Umodzi mphuno inagumuka kalekale. Mchimwene wake Subhendu, wopanda nsapato, ndevu zosameta, atafunda nsalu yoyera yamaliro, anayang'ana kumbali.

Subhenduyo anali atagwirizana ndi anthu a ku Kolkata ofuna kusandutsa nyumba yakaleyo hotela. Anthuwo ananenetsa kuti chipata chizitsekedwa, pakhale mlonda. Komatu amayi onse a m'mudzi ankadzera pomwepo popita kudziwe la kuseri kukachapa ndi kusamba. Njira ina inali yozungulira minda ya mpunga, matope ofika m'mawondo.

Subhendu anati denga likudontha, amayi awo akugona pakati pa ndowa, ndipo kukalipa kwa Jhilik sikunamatepo mng'alu ndi umodzi womwe. Jhilik anamuyankha kuti munthu wobwera kumudzi pamaliro pokha asamaphunzitse anthu za ndowa.

Nitai wosula zitsulo anawasiya akukangana, nakankha chitseko chakumanzere. Chinalira, koma chinayenda. Chakumanja sichinasunthe. Mkuyu wopatulika wa ashwatha unali utakula mochitsamira, tsinde lake litameza zitsulo, nthambi zili psuu ndi ulusi wofiira umene akazi amamanga popempha ana.

"Bwana, dzimbiri ndiye ntchito yanga," anatero Nitai akupukuta manja. "Koma uwu mudule nokha. Ine ndili ndi ana."

"Mtengo wobwera ndi zitosi za mbalame uwu, a Nitai. Mulungu wake atuluka pati?" anatero Subhendu.

"Si mbalame."

Anali amayi awo, atavala zoyera zaumasiye, atanyamula kamtsuko kamkuwa. Chimwalirire amuna awo, a Haradhan, anali asanatulukepo panja.

Anafotokoza motsitsa mawu. Agogo a anawo ankatseka chipatacho, ndipo anamenyetsapo mayi wina chifukwa cholowa ndi mtolo wa zochapa. Agogowo atamwalira, a Haradhan anatsegula zitseko zonse ziwiri, koma akulu awo anati zikatha zamaliro atsekanso. A Haradhan kukangana sankakutha, mawu ankawathawa. Anangokatenga kamtengo kukachisi, n'kukabzala pamenepo, n'kumakathirira m'mawa uliwonse. Akuluwo analalata mpaka kutopa, koma palibe anayerekeza kukazula.

"Tsono masiku onsewa mtengowu sunamwe," anatero amayiwo.

Anawerama, koma madzi ankangotayikira pamapazi. Subhendu anafulumira kuwalandira kamtsukoko. Anaima nako chilili, maso ali pa tsinde lomeza zitsulo lija. Pambali pake panadutsa akazi atatu ndi mitolo ya zochapa, ataphimba kumutu polemekeza maliro.

Jhilik anasolola nkhwangwa m'thumba la Nitai, naiika pamapazi a mchimwene wake. Kenako anaona kuti kamtsuko kapendekeka kale m'manja mwa Subhendu, madzi akutsikira pamizu pang'onopang'ono, ndipo ukali unamuthera.

"Nkhwangwa ndi iyo, madzi ndi awo. Nanga anthu anu a ku Kolkata mukawauza chiyani? Yankhanitu, achimwene, amayi akumva."