Chaka Chimene Bambo Anabadwa

"Mapasa? Ine ndi achimwene, mapasa?" Azakhali anakankha kapepalako ndi chala chimodzi ngati kali ndi linthumbwi.

Panali patapita masiku ochepa chiikire maliro a bambo. Mipando yobwereka inali itabwezedwa, ndipo pabalaza panatsala anthu atatu okha: azakhali, mlongo wawo wa malemu, yekhayo wotsala m'mimba imeneyo; mwana woyamba wa malemuwo, amene abale anam'patsa dzina loti Mapepala chifukwa sakhulupirira ngakhale moni wopanda chidindo; ndi Mzime, mlongo wake wamng'ono. Wolemba zikwangwani anali atatumiza uthenga kuti penti wasakaniza kale, akungodikira chaka chobadwa choti alembe pachikwangwani cha pamanda.

Mapepala anali atakopera chakacho pakapepalako kuchokera pachitupa cha bambo. Vuto linali loti chaka chomwecho n'chimenenso chinali pachitupa cha azakhali.

Azakhali anati iwo sanakule akumva zam'maluwa. Achimwene awo ankawabereka kumsana, ankawapukuta mamina, ndipo tsiku lina anamenya galu wa eni ake chifukwa cha iwo. Khanda linzako lingachite zimenezo? Mapepala anafotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira ndi anthu obwera ku ofesi kwake, kuti cholembedwa pamanda chiyenera kufanana ndi cholembedwa pa zikalata. Azakhali anayankha kuti ngati alemba chaka chimenecho, phazi lawo silidzapondako kumandako, ndipo akadzafa iwo, Mapepala asadzavutike n'kubwera kumaliro awo.

Mzime anachita mantha, chifukwa azakhali sankaopseza chabe. Anali munthu womaliza padziko amene anawadziwa bambo asanamere ndevu, ndipo kuwataya iwo kukanakhala ngati kuika maliro kawiri. Ndiye anati apite kusukulu kumene bambo ndi azakhali anaphunzira, mwina mabuku akale akadalipo. Mapepala atamva zoti kuli mabuku anavomera msanga.

Anafika m'mawa ana ali m'kalasi. Sukuluyo inali ndi malata atsopano koma makoma anali omwe aja, okhuthala, a mawindo ang'onoang'ono. Aphunzitsi aakulu, mayi wocheperapo msinkhu kwa Mzime, anawapepesa za maliro kenako n'kulimbana ndi loko wa kabati ya pakona. Mabuku akale olembamo ana oyamba sukulu anali omangidwa ndi nsanza, m'mbali mwake chiswe chitalawa, ndipo fungo lake linam'yetsemulitsa Mapepala.

Mzime ndiye ankatsegula masamba. Inki inali itasanduka yofiirira, koma dzanja la mphunzitsi wakaleyo linali lokongola, lopendekeka. Mzere uliwonse unali ndi dzina la mwana, dzina la kholo ndi ntchito yake, tsiku lolowera ndi chaka chobadwa. Kenako anapeza dzina la bambo ake. Anali asanaganizepo kuti munthu amene ankatsokomola pakhonde uja anakhalapo kamwana koima pamzere. Pambali pake panali dzina la agogo awo aamuna, amene iye sanawaone, ndi mawu oti mmisiri wa matabwa. Mzere wotsatira unali wa azakhali. Tsiku lolowera linali limodzi, ndipo pamalo a chaka chobadwa mphunzitsiyo anangoika timizere tiwiri tosonyeza kuti n'chimodzimodzi ndi pamwambapa.

"Nayo nkhani yatha, azakhali," anatero Mapepala akujambula tsambalo ndi foni. "Buku la sukulu silinama."

Azakhali anawerama pabukupo. Anayang'ana timizere tija nthawi yaitali, kenako anatuluka. Mzime atawatsatira anawapeza pakhonde la kalasi yoyamba, akusisita njerwa ya pakhomo imene inachita kusalala ndi manja a ana.

"Mzere unkayambira apa," anatero.

Mapepala nayenso anali atafika, ndipo azakhali analankhula osamuyang'ana. Anati masiku amenewo mwana sankabwera ndi pepala lililonse. Mphunzitsi ankakhala pampando ndi buku pamiyendo, mwana aliyense n'kuuzidwa kuti adutsitse dzanja pamwamba pamutu agwire khutu la mbali inayo. Wolephera kufika ankabwezedwa kuti akakule. Amene waoneka kuti wakula kwambiri ankabwezedwanso, ati akangosokoneza tiana. Chaka chobadwa mphunzitsi ankachilemba poyang'ana msinkhu basi.

Achimwene awo anali atapitirira kale, chifukwa zaka zawo zoyambira sukulu zinathera m'shedi ya bambo awo, kupala matabwa. Iwo azakhali anali kamwana kowonda, kamantha. Bambo awo ananena mwachimvekere kuti sukulu ili kutali, mtsikana sangayende yekha. Akalowe onse awiri kapena abwerere onse awiri.

"Ndiye achimwene anavala buluku la bambo athu, lalikulu ngati thumba, n'kupinda mawondo m'katimo," anatero azakhali, ndipo anayamba kuseka, misozi ili mbwe. "Ankayenda ngati bakha pamzere wonse. Aphunzitsi atafunsa kuti wamkulu ndani, anayankha ndi kamawu kakang'ono kuti ndife mapasa. Ine ndinaiwala zimenezi, ana inu. Zaka zonsezi ndinaiwala."

Anapukuta m'maso ndi kansalu n'kuwonjezera kuti dzanja lawonso silinkafika kukhutu. Linatsala pang'ono. Achimwene awo, ataima kumbuyo, anawakankha chigongono mobisa mpaka zala zinagwira, mphunzitsi ali kalikiliki kuviika cholembera mu inki.

Mapepala anayang'ana foni yake, kenako anayang'ana pansi. Atalankhula, mawu ake anali ofewa.

"Nanga chaka chenichenicho ndi chiti, azakhali? Tilemba chimene munene inuyo."

"Sindichidziwa, mwana wa achimwene. Amene ankachidziwa anapita onse." Anapuma. "Muuzeni wa penti alembe chomwecho. Achimwene anachisankha okha kuti ine ndiphunzire."

Belu linalira, ana n'kutuluka akuthamangitsana, ena akuima kuti aone alendo. Azakhali sanasunthe pakhomo paja. Anakweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kulidutsitsa pamwamba pa duku, koma phewa la ukalamba linakana, zala zinathera m'malere, khutu lili patali. Anakhala choncho osatsitsa.

Mapepala anaika foni m'thumba, anaima kumbuyo kwawo, n'kuwakankha chigongono pang'ono.