Kasitomala Wovuta wa Madamu

Ophunzira a payunivesite ankamutcha Wachoko, chifukwa malaya ake sankatha fumbi la choko. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ndiye ankaphunzitsa kayendetsedwe ka ntchito yopanga mapulogalamu a pakompyuta, mpaka mkulu wa dipatimenti anamupatsa phunziro lina. Lake lija linapita kwa mphunzitsi mnzake, ndipo mnzakeyo anali mkazi wake yemwe.

Mkaziyo, amene ophunzira ankangomuti Madamu, analitembenuza phunzirolo ngati thumba. Zofotokoza zonse ankazijambula pavidiyo Loweruka atakhala pathebulo lodyera, foni ataitsamiritsa ku botolo la shuga. Ophunzira ankaonera kwawo, m'kalasi n'kungobwera kudzagwira ntchito m'magulu, gulu lililonse ndi pulogalamu yake yoti lipange.

"Ndiye inu mumaphunzitsa nthawi yanji, mayi?" anafunsa Wachoko tsiku lina. "Kapena ntchito anailemba foniyi?"

"Mudzabwere mudzaone, bambo."

Sanalowemo, koma ankadutsa pakhomo la kalasiyo kangapo patsiku ngati wotaya kiyi. Mipando inali mozungulira, phokoso ngati pamsika, khoma litadzaza timapepala tachikasu m'mizere itatu: zodikira, zili m'manja, zatha. M'makonde ankakumana ndi anyamata atatseka makutu ndi mahedifoni akumwetulira okha, ndipo ankadziwa kuti mawu ali m'makutumo ndi a mkazi wake. Zinkamudya mumtima. Iye zaka zonse zija ankangoona mitu yowerama ndi kuyasamula.

Ndiye Madamu atamupempha kuti akasewere ngati kasitomala wa gulu limodzi, anavomera msangamsanga. Anakhala mwini galaja wofuna pulogalamu yolembera magalimoto obwera kudzakonzedwa. Sabata yoyamba anati akufuna ya pakompyuta. Yachiwiri anati ayi, ya pafoni. Yachitatu anafika atamanga tayi n'kunena kuti iziuzanso eni magalimoto ntchito ikatha. Ankadikira kuona gululo likubalalika.

Mtsogoleri wa gululo, mtsikana wamagalasi, anaimirira n'kupita kukhoma kuja.

"Tamva, bwana. Koma atsala masabata atatu, ndipo anthu tilipo asanu. Bwato likadzaza, wokwera wina amatanthauza wotsika wina. Pa timapepala iti, tichotse kati?"

Fanizo la bwatolo linali la Wachoko. Ankalilemba pabolodi chaka ndi chaka, ndipo palibe wophunzira amene anamubwezerapo nalo mawu.

"Wakuphunzitsa zimenezo ndani?"

"Madamu, mu vidiyo yachinayi."

Wachoko anachotsa kapepala kamodzi osakawerenga n'komwe, n'kutuluka.

Madzulo ali m'galimoto ndi mkazi wake kubwerera kunyumba, Wachoko anaiyamba nkhaniyo atafika pamaloboti.

"Bwato lija n'langa," anatero.

"N'lanudi. Ndinatero m'vidiyomo. Mukanaonera mukanamva."

M'mawa mwake anadzitsekera mu ofesi n'kuitsegula vidiyoyo. Pamphindi yachisanu ndi chinayi mkazi wake anati, "Ili ndinaliphunzira kwa amuna anga, ndipo sindinapeze lina loliposa." Anabwereza pamenepo kawiri. Kenako maso anatsikira kundemanga za ophunzira m'munsimo, zoposa makumi anayi. Zonse zinkathokoza Madamu. Imodzi yokha ndiyo inamutchula iyeyo: "Kani Wachoko ali ndi nzeru chonchi?"

Teremu itatha anapita kwa mkulu wa dipatimenti kukapempha phunziro lake. Mkuluyo anaseka, n'kumuonetsa zimene ophunzira analemba: ankafuna Madamu apitirize, komanso kasitomala wovuta uja abwerenso, ulendo uno avutitse magulu onse.

"Ndiye ine ntchito yanga ndi kuvuta basi?"

"Mumaitha bwino, achimwene."

Wachoko anapempha masiku awiri oganizira. Tsiku lachitatu anavomera, koma anaumirira kuti pachikalata cha phunzirolo dzina lake likhale pamwamba. Madamu sanatsutse.