Impso ya Ilarie

Smaranda anali atachapa kale makatani a m'chipinda cha Ilarie, mwana wake, ndi kutulutsa matiresi panja kuti apitidwe mphepo. Kuchipatala anamuuza kuti munthu akapereka impso amachirira kunyumba, mwina mpaka miyezi iwiri. Miyezi iwiri! Chipitireni ku Spain kukaika matailosi m'nyumba za eni, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, Ilarie anali asanagonepo pakhomopo kupitirira masiku asanu.

Impso za Smaranda zinaleka ntchito zaka zitatu zapitazo. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu galimoto ya chipatala inkamutenga pageti kupita naye m'tauni, kukakhala maola anayi pa makina otsuka magazi. Madzi akumwa anali makapu awiri patsiku, msuzi kuwerengera momwemo. Ilarie atamva kuti magazi awo ndi a gulu limodzi, anasiya fodya, anasiya kachasu wa mapulamu, n'kukwera basi ya masiku awiri kubwera kudzayezedwa kuti apatse mayi ake impso.

Lachiwiri anawaitana kukamva zotsatira. Dokotala Olaru, mtsikana woonda wa magalasi, anawatembenuzira kompyuta. Panali timadontho tambirimbiri, tofiira tokhatokha.

"Awa ndi maselo a mwana wanu, amayi. Tinawasakaniza ndi madzi a m'magazi anu. Akanakhala amoyo akanaoneka obiriwira."

"Ndiye afa?"

"Onse."

Ilarie anasendera kutsogolo pampando. "Koma adokotala, munati gulu lathu ndi limodzi."

"Limenelo ndi khomo loyamba chabe, bambo. Selo lililonse la m'thupi limakhala ndi tizindikiro kunja kwake, timapuloteni tonena kuti ine ndine wa pano. Asilikali a m'thupi amayenda akukhudza tizindikiroti. Akapeza tawo amadutsa. Akapeza tachilendo amapanga tingowe toyenerana nato ndendende, ngati chivindikiro ndi poto wake, ndipo pomwe kangowe kakola, selo limaphulika." Kenako anayang'ana Smaranda. "Munakhalapo ndi pakati kangati?"

"Kanayi. Wamoyo ndi yekhayu."

"Theka la tizindikiro ta mwana wanu ndi tanu, theka ndi ta bambo ake. Ali m'mimba, timagazi take tinkadutsira kwa inu, makamaka pobereka. Thupi lanu linaona ta bambo aketo, linapanga tingowe, ndipo silinaiwale. Tikaika impso yake mwa inu, idzafa n'kuda bii tisanamalize n'kusoka komwe."

Smaranda anakonza mpango wake kumutu.

"Ndiye kuti ndi Costache," anatero. Costache anali mwamuna wake, ndipo anali atagona kumanda zaka zisanu ndi zinayi. "Munthu anapita kalekale, koma zinthu akundisokonezerabe."

Dokotala anafuna kuseka, n'kudzigwira. Ilarie sanaseke. Anafunsa za mankhwala ochotsa tingoweto, dokotala n'kuyankha kuti nthawi zina amayesa, koma ta mayi ake tachulukitsa. Dzina lawo likhalabe pamndandanda wa odikira impso ya munthu wina. Smaranda anali atayamba kale kumanga mabatani a chikhoti chake. Basi ya kumudzi siidikira mafunso.

Kunyumba Ilarie anawaza nkhuni mpaka dzuwa kupendeka, mulu wonse umene unayenera kumutengera sabata. Mayi ake ankamuonera pawindo la kukhitchini akumunga kachidutswa ka madzi oundana. Ankawaza ngati bambo ake, kupendeketsa phewa lamanzere.

Atalowa anati, "Amayi, ndikhalabe. Mpaka Khirisimasi."

Smaranda anaiona Khirisimasiyo m'maganizo. Nkhumba ya kwa aneba ikanaphedwa iye ali pompo. Akanamukulungira nyama m'masamba a kabichi, iye n'kumadya, mwini wake akungonunkhiza.

"Abwana ako anakupatsa tchuthi cha chiyani?"

"Cha opaleshoni."

"Opaleshoni yake iti? Akasowa kalata ya chipatala aika wina pamalo pako. Mkazi wako ali yekha ndi ana awiri, wina akutuluka mano. Ukhale kuno uzitani, uzindiwerengera makapu a madzi?"

"Amayi inu."

"Usanditi amayi inu. Tsika m'chipinda chapansi ukatenge mabotolo anayi a mabiringanya ophika aja. A chaka chino, osati a chaka chatha. Ndipo fodya wasiyayo usakayambirenso, impso zakozo ukazisunge, uli ndi ana."

Ilarie anaima pakhomo kanthawi, dzanja lili pachitseko. Kenako anatsika.

M'mawa mwake magalimoto awiri anafika pafupifupi nthawi imodzi: kabasi kotenga anthu opita kunja, ndi galimoto ya chipatala. Ilarie anapsompsona mayi ake dzanja, kenako masaya onse awiri. Smaranda anamuuza kuti chikwama cha mabotolo asachigoneke. Kabasi kanakhotera kumanja pamlatho, galimoto ya chipatala kumanzere.

Kuchipatala, pampando woyandikana ndi wa Smaranda panali Bambo Pamfil monga mwa masiku onse, nkhalamba yomwe kale inkayendetsa sitima, itafunda bulangeti mpaka m'khosi.

"Aa, Mayi Smaranda, mwabweranso? Ine ndimati mwatithawa. Mpando wanuwo ndinali nditaulonjeza kale kwa kamayi kena kokongola."

"Kauzeni kadikire."

"Nanga mnyamata uja?"

"Wapita."

Namwino anabwera, anabaya masingano awiri pamkono wotupa wa Smaranda, makina n'kuyamba kulira. Smaranda anayang'ana magazi ake akukwera m'kapaipi, akuda bii, akuzungulira n'kubwerera. Pakhomo pake panalibenso fungo la mwanayo, nsapato zake zakale anazipereka kalekale, mawu ake pafoni ankawasokoneza ndi a ena. Koma umo, m'kapaipimo, munali tingowe topangidwa pa muyeso wa Ilarie, takhala tikuyendayenda zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi tikumufunafuna.

"Mwati chiyani?" anafunsa Pamfil.

"Sindinayankhule. Gonani."

Makatani aja anaganiza zowasiya pawindo la Ilarie pomwepo. Anali atachapidwa kale.