Kutsika Phiri Popanda Walburga

A Vinzenz anali atamaliza kupaka phula kunsi kwa matabwa awo otsetserekera pa chipale pamene anazindikira kuti manja awo atenganso matabwa a Walburga. Anawayang'ana kanthawi, kenako anawabwezera pakona, pafupi ndi nkhuni. Mkazi wawoyo anaikidwa m'manda Lachisanu. Ili linali Lamulungu, ndipo ana awo awiri ankabwerera ku tauni madzulo ake.

"Ababa, khofi akuzizira," anatero Verena ali pakhomo la khitchini.

Patebulo panali buledi wakuda, nyama ya nkhumba yowamba, ndi tizithunzi totsala ta malemu, tija amagawira anthu potuluka m'tchalitchi. Kilian, mwana wamkulu, sanadikire n'komwe kuti bambo ake akhale pansi.

"Chipinda chilipo kwathu ku Innsbruck. Zenera lake linayang'ana kuphiri."

"Phiri la pazenera ndi la alendo."

"Ababa, msewu wobwera kuno umatsekeka chipale chikangoyamba. Sitolo, tchalitchi, dokotala, zonse zili kumunsi, ndipo kutsika kwake n'kwa pamatabwa. Muli awiri zinali zina. Nanga panokha, ndi bondo limenelo?"

"Bondoli linayamba kutsika phirili iwe usanadziwe kudzipukuta mamina."

"Vuto lake ndi lomwelo," anatero Verena uku akudula buledi. "Latsika mokwanira."

Kilian anatola kachithunzi kamodzi n'kukaika m'thumba la jekete. "Chabwino. Tiyeni tikasiye chithunzi cha amayi pamtanda wa pamwamba pa phiri. Mukatsika kuchokera kumeneko mpaka kutchalitchi osagwa, ine nditseka pakamwa, mukhale m'nyumba mwanu muno."

A Vinzenz anangomwa khofi wawo wozizirayo. Onse anadziwa kuti avomera.

Mipando ya pachingwe yokwerera phiri inali ya anthu awiriawiri. Ana anakhala pampando wakutsogolo, iwo n'kukhala pa wotsatira, mbali ina ili yopanda munthu. Nyengo ya chipale inali kumapeto. Kumbali yowomba dzuwa udzu wofiirira unali utayamba kuonekera, ndipo pansi pa chipale pankamveka madzi akuyenda.

Pamwamba, patsinde pa mtanda, panali kabokosi kachitsulo momwe anthu a m'chigwamo ankasiyamo zithunzi za abale awo. Munali nkhope zambiri zozimiririka zimene a Vinzenz ankazidziwa. Kilian anaikamo Walburga, n'kuvula chipewa. Anapemphera mwachidule chifukwa cha mphepo.

"Ine nyengo ino sindidzaiwala tsiku lotsatira Khirisimasi," anatero Kilian. "Tinatsika kumbali ya miyala kuja dzuwa likungotuluka. Amayi anafika pansi ife titamaliza tiyi."

"Inu munali mutamalizanso keke yawo, achimwene," anatero Verena. Kenako anatembenuka. "Ababa, amayi ankakonda njira iti kwenikweni?"

A Vinzenz anakumbukira m'mawa wina wa mu Januwale, chipale chitagwa sabata yonse kenako kumwamba n'kuyera. Anali awiri okha, iwo ndi Walburga. Analowa m'nkhalango ya paini musanadutse munthu aliyense, chipale chikufika m'mawondo, chopepuka ngati ufa. Panalibe phokoso lina koma mpweya wawo. Atafika pamlatho Walburga anali ndi chipale m'nsidze, akuseka popanda chifukwa, ndipo anawapatsa theka la apulo limene linali litauma ndi kuzizira m'thumba. Tsiku labwino loposa limenelo silinabwerenso.

"Ankakonda zonse," anayankha.

"Ndiye tidzere m'nkhalango," anatero Kilian, n'kuyamba kutsika. Verena anatsatira, monga ankachitira kuyambira ali ana. A Vinzenz anakoka mpweya, n'kudzikankha ndi ndodo.

Poyamba zinkayenda bwino. Koma chipale cha nthawi imeneyi n'cholemera, chimagwira matabwa ngati matope. Pokhota pena m'kati mwa mitengo, thabwa la kumanzere linakana kutembenuka. Anagwa chammbali, thabwalo n'kumasuka kunsapato n'kutsetsereka lokha mpaka kuzimiririka kumunsi.

Sanavulale. Anadzuka n'kukhala tsonga, akupuma mwawefuwefu. Panapita nthawi asanazindikire chimene ankachita: anali atatembenukira kumtunda, akudikira.

Walburga ankatsika pomaliza nthawi zonse. Ana ankamutcha kamba, iye n'kumangoseka, ngakhale kuti ali mtsikana ankasiya anyamata a m'chigwa chonse kumbuyo. Munthu ukagwa sunkachedwa kumva matabwa ake akubwera. Ankafika atanyamula chilichonse chimene chatayika m'njira, kaya ndodo, kaya chipewa, n'kufunsa kuti, "Mwapumula mokwanira, bwana?" Akatero ankakusasa chipale kumsana, ndipo pofika pansi nkhaniyo sinkatchulidwanso. A Vinzenz anayesa kukumbukira nyengo imene inkathayi. Anali atagwa pamalo ano. Anali atagwanso pafupi ndi khola la mnansi wawo, a Pirmin, ndiponso tsiku lina akupita ku Misa. Ngakhale m'mawa wa mu Januwale uja anagwa. Sankakuwerengera ngati kugwa, chifukwa sankakhala pansi nthawi yaitali.

Kumtunda kunali mitengo yokhayokha, ndi mizere itatu ya matabwa awo pachipale.

Anayamba kudzisasa okha. Anaganiza kuti akanatha kutsika wapansi pang'onopang'ono, kupeza thabwalo, n'kukanena kuti anaima kuti aone malo. Koma kumsana dzanja silinkafika.

Anamva munthu akubwera, koma kuchokera kumunsi. Anali Verena, akukwera chammbali phazi ndi phazi, thabwa lija lili paphewa. Anafika nkhope ili psu, n'kuliponya pansi.

"Ndinaima pamlatho," anatero atapezako mpweya. "Ndimati palibe vuto, amayi abwera nawo. Mpaka ndinaona thabwa likubwera lokha."

"Kilian waona?"

"Achimwene? Amenewo ali kale kutchalitchi, akuuza anthu mmene atsikira."

Anagwada n'kuyamba kugogoda nsapato ya bambo ake ndi ndodo kuti chipale chichoke kunsi. Sanawayang'ane kumaso.

"Ine sindinaone kanthu, ababa. Mukafuna, munaima kuti mumange nsapato."

A Vinzenz anayang'ana tsitsi la mwana wawo, limene linali litayamba kale imvi pang'ono pafupi ndi khutu. Akanangovomera, nyumba ikanakhala yawo nyengo inanso. Koma Verena ankapita madzulo omwewo, ndipo sipakanakhalanso wotsika kumbuyo kwawo.

"Si koyamba kugwa chaka chino," anatero a Vinzenz.

Verena anasiya kugogoda. "Amayi sanatiuzepo."

"Sakanakuuzani."

Analowetsa phazi m'thabwa, chomangira n'kulira kuti kha. Anaimirira atatsamira paphewa la mwana wawo, n'kuyesa bondo. Linali bwino.

"Mchimwene wakoyo ndikamuuza ndekha. Chilimwe chino ndikhala kuno, pali nkhuni zoti ndimalize ndiponso manda akufunika maluwa. Chipale chikadzayambanso adzabwere adzanditenge. Koma asadzayerekeze kundionetsa zenera lakelo."

Verena anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Anazungulira n'kuwasasa chipale kumsana, mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira. A Vinzenz anadikira kuti iye ayambe, koma Verena sanasunthe.

"Tsogolani," anatero Verena.

Anatsika pang'onopang'ono, akukhota motakasuka pakati pa mitengo. Atadutsa pokhota pachiwiri anamva matabwa akubwera kumbuyo kwawo, osayandikira kwambiri, osatsaliranso kutali. Sanacheuke mpaka pamlatho.