Riboni Imene Sinafike ku Celorico

Zonse zinayamba ndi a Gracinda, oyandikana nawo nyumba, amene pakamwa pawo sipatsekeka. Tsiku lina mu Epulo anandipeza ndikukama nkhosa, atagwira riboni yachikasu m'manja awiri.

"A Deolinda, taonani! Filomena wanga wanditumizira kuchokera ku Coimbra kuti ndilembepo mawu anga. Nanga yanu yafika? Paja Horácio wanu nayenso akumaliza chaka chino."

Ndinati ili m'njira. Ndinanama. Mwana akamamaliza yunivesite amatumiza mariboni kwa makolo ndi abale kuti alembepo mafuno abwino, kenako amawamangirira pachikwama chake cha mabuku n'kupita nawo kutchalitchi kukadalitsa. Zimenezi ndani sazidziwa? Ya Filomena inafika, ya mwana wa wophika buledi inafikanso. Ine wapositi ankangondipatsa moni n'kudutsa.

Panatha sabata zitatu, mtima unayamba kundiuza zinthu. Zaka zisanu ndinali ndikudzuka kusanache, kukama nkhosa, kuumba tchizi mpaka zala kupindika, ndekhandekha chimwalirire bambo ake, kuti mwanayu adzakhale loya. Nanga ngati sukuluyo anaisiya kalekale? Makalata ake ankandiwerengera ndi a Gracinda omwewo, poti ine kusukulu sindinapondeko, ndipo makalatawo anali atafupika: ndili bwino, mayeso achuluka, basi. Pa Isitala sanabwere. Ndiye a Gracinda n'kuthirirapo mchere, ati Filomena sakumuonaona masiku ano.

Lachinayi ndinakama molawirira, n'kuika tchizi, buledi ndi soseji m'dengu, n'kufunda shawelo yanga yakuda. Sindinatsanzike munthu. Ndinakwera sitima ya m'mawa ndekha, ine amene chibadwire sindinapitirirepo tauni ya Mangualde.

Moyang'anana nane munakhala bambo wina wachipewa, wandevu zometa bwino, maso ake ali padengu langa. Ndinalichotsa pansi n'kuliika pamiyendo.

"Mayi, tchiziyo ikununkhira bwino. Wakuti ulendowu?"

"Wakutsogolo."

"Ndayesa ku Coimbra? Kwa mwana eti? Akuphunzira chiyani?"

"Kodi bambo, ndinu apolisi?"

Anaseka, koma kutseka pakamwa ayi. Anayamba kundisimbira za mwana wa mlongo wake amene anakhala ku Coimbra zaka zisanu ndi chimodzi, makolo akugulitsa minda, n'kubwerako ndi gitala ndi mkazi wapakati. Ati chovala chakuda chimene ophunzira a kumeneko amavala, aliyense angathe kubwereka n'kujambulitsa. Ine ndinakumbuka kuti chithunzi chotero cha Horácio chili pakhoma panga. Ndinayamba kuganiza kuti mwina bamboyu amutuma a Gracinda. Anatsika pa siteshoni ya Santa Comba, ndipo ndinayamba ndasuzumira m'dengu ndisanamuyankhe moni wotsanzika.

Posinthira sitima yaing'ono yolowa mumzinda ndinafunsa anthu atatu, chifukwa woyambayo anayankha mofulumira kwambiri.

Koma amene anaganiza zomanga sukulu pamwamba pa phiri, Mulungu amukhululukire! Makwerero okhaokha, timisewu topapatiza tamiyala, nyumba zakale zokhala ngati zikugwera pamutu. Paliponse anyamata ndi atsikana ovala mikanjo yakuda, ena akuimba masanasana, botolo lili m'manja. Aliyense ndinkamuyang'ana kumaso. Envulopu ya kalata ya Horácio, yokhala ndi keyala yake, ndinkaionetsa kwa amayi achikulire okha, mpaka ndinafika pakhomo lobiriwira pamene ankachita lendi.

Mwininyumba, mayi wonenepa wovala magalasi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Horácio? Ameneyo anasamuka pa Khirisimasi. Sanakuuzeni?"

Ndinamufunsa kumene anasamukira. Mayiyo anandilozera kumtunda, kunyumba ina imene ophunzira amakhala okhaokha. Ati sindingasochere, pazenera anapachikapo njinga yakutha ndi mapoto obooka. Ndinaipezadi, ndipo chamumtima ndinati iyi ndi nyumba ya zidakwa, mwana wanga watayika.

Ananditsekulira mtsikana wamng'ono thupi, dzina lake Benedita. Nditatchula Horácio ananditsogolera kukhitchini. Ndiye uyo mwana wanga, masana dzuwa lili paliwombo, wavala epuloni, akusenda mbatatesi.

"Amayi!" Mpeni unagwa pansi.

"Ndiye uloya wake ndi umenewu?"

"Lero ndi tsiku langa lophika, timasinthana. Mwabwera bwanji? Mwabwera ndi ndani? Kunyumba kwagwanji?"

"Usandizungulize mutu. Wasamuka osandiuza, pa Isitala sunabwere. Sukulu unasiya liti?"

"Kusiya? Amayi, ndikumaliza mwezi wamawa! Ndinasamukira kuno kotchipa kuti ndikupepuzireni katundu."

"Ngati ukumaliza, riboni yanga ili kuti?"

Nkhope yake inasintha, ngati tsiku lija ali mwana atasiya khola losatseka. Anayamba kupukuta manja paepuloni, kupukuta, kupukuta. Benedita ndi amene anathamanga n'kubwera ndi chikwama chachikopa chakuda, mariboni ofiira akulendewera.

"Si awa, mayi! Ofiira ndi a zamalamulo. Lamulungu lino tikukadalitsa, ndipo mwana wanuyu m'kalasi mwathu salola kupitidwa."

Ndinakhala pampando. Kunena zoona, misozi inali pafupi. Mwana wanga sananditaye m'madzi, zaka zisanu zija sizinapite pachabe. Ndinagwira mariboniwo imodziimodzi. Koma ine ndi munthu wowerenga nkhosa madzulo aliwonse, maso anga sapuma. Ndinaona kuti onse ndi olembedwa kale, panalibe ndi imodzi yomwe yotsala.

"Yanu ndi iyi," anatero Benedita akuisolola. "Horácio atatiwerengera, tonse muno tinalira. Ndipo muli ndi dzanja lokongola, mayi, kuposa la aphunzitsi athu."

Ndinatembenukira kwa Horácio.

"Amayi, tiyeni tikalankhulire panja," anatero Horácio.

"Khala chete iwe. Benedita, tandiwerengera ndimve zimene ndinalemba."

Mtsikanayo anayang'ana Horácio, n'kuyang'ana ine, kenako anawerenga motsitsa mawu. "Mwana wanga wokondedwa, kuwala kwa maso anga, lero mtima wanga ukusefukira ndi chimwemwe. Uuluke pamwamba, dziko lonse ndi lako. Amayi ako okukonda, Deolinda."

Kuwala kwa maso anga! Mawu amenewo sindinauzepo munthu, ngakhale malemu bambo ake. Anadzilembera yekha, n'kudzipangira mayi wina wodziwa kugwira cholembera, woti anzake amusirire. Zinandipweteka kwambiri. Ndinakwera sitima ndikuopa kuti mwana wanga wataya sukulu, osadziwa kuti wataya ine.

"Horácio, tandiuza. Chinali chisoni kapena manyazi?"

"Sindinafune kuti mukagwade kwa a Gracinda kuti akulembereni, mudzi wonse n'kumva."

"Makalata ako onse amawerenga ndani? Ndakufunsa, chisoni kapena manyazi?"

Anawerama. Anyamata ena awiri anali ataima pakhomo, atamva phokoso.

"Zonse ziwiri, amayi."

Bola sananamenso. Ndinatembenukira kwa anzakewo.

"Ana inu, ine sindidziwa kulemba. Kuboma ndimadinda ndi chala ichi. Benedita, tenga cholembera, utembenuze riboniyo. Ulembe zimene ndikuuze, usakometse ngakhale liwu limodzi."

Anaiyala patebulo, pakati pa makoko a mbatatesi, ndipo ndinanena pang'onopang'ono.

"Horácio, wandinamiza ndipo ndakugwira. Koma sukulu wamaliza, wachita bwino. Ukadzakhala loya, kukadzabwera munthu wosadziwa kuwerenga atanyamula pepala lake, udzamuuze zimene zalembedwapo zenizenizo. Ndine amayi ako Deolinda, wokama nkhosa ku Celorico. Wandilembera ndi Benedita."

Ndinaitana mmodzi wa anyamata a pakhomo aja kuti andiwerengere, ndione ngati mtsikanayo sanaonjezere zake. Zinali ndendende. Ndinatulutsa tchizi, buledi ndi soseji n'kuziika patebulo, poti sitima yanga inali ya folo koloko ndipo nkhosa sizidikira munthu. Koma sindinanyamuke. Riboni ili ndi mbali ziwiri, ndipo imodzi yokha ndi imene imaonekera kunja.

"Imangirire ndikuona," ndinatero.

Horácio anaitenga. Anayang'ana mbali yake ija ya zilembo zokongola, anayang'ana kwanthawi ndithu. Kenako anaitembenuzira mkati, n'kumanga mfundo ziwiri, mawu anga ali kunja.

"Lamulungu mubwera, amayi?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ukadzandichingamira kusiteshoni utanyamula chikwamacho, ndibwera."